Kumunsi Kuli Anthu

Mlendo woyenda pamsewu wa M1 kuchokera ku Chilumba kupita ku Karonga boma akafika pa Lupembe amaona nyanja kudzanja lamanja, yotambalala mpaka kumapiri a ku Tanzania, n'kuganiza kuti ife a kuno ludzu timangolimva kwa anzathu. Sadziwa kuti Lupembe ndi dziko la ng'amba. Mvula imatha kugwa ku Kaporo mpaka mpunga kumira, kuno mitambo n'kumangotilambalala. Mitsinje yathu ndi ya mchenga. Imatsika kumapiri a kumadzulo mwaukali mu Febuluwale ndi Malichi itanyamula zitsa ndi mbuzi za eni, koma pofika Ogasiti yauma gwa, ana akumenya mpira wachikulunga pakati pake. Mwana wokulira malo otere ankayamba kudziwa mwambo wa madzi asanadziwe kulemba dzina lake.

Ine amene anandiphunzitsa mwambowo ndi azakhali anga, alongo awo a bambo. Ukwati wawo utatha anabwerera kuno kwawo ndipo sanakwatiwenso. Ankati banja limodzi linawakwana. Anali mayi wamfupi koma wa liwu loti akaitana mwana mmodzi ali kumunda, ankayankha ndi ana a midzi yoyandikana omwe. Palibe anawasankha kuti aziyang'anira chitsime. Kunalibe komiti, kunalibe buku la zopereka. Anangoyamba okha, ndipo mudzi wonse, ndi anyakwawa omwe, unazolowera kuti nkhani ya madzi imakathera kwa iwo.

Chilimwe chikakula, iwo ankalawira m'mamawa kukayenda pamchenga wa mtsinje, akuyang'ana pamene pali chinyontho: pokhota mtsinje, pansi pa mkuyu, kapena pamene bango lakana kuuma. Akapapeza ankaitana ife anyamata kuti tifukule. Tinkakumba ndi makasu akutha ndi manja omwe mpaka dzenje kufika m'chiuno, chaka chikaipa mpaka m'khosi. Madzi oyamba ankabwera ofiira. Amenewo ankawakapa ndi chikho n'kukataya kutali. Achiwiri chimodzimodzi. Akatero ankakhala pansi, natiuza kuti titseke pakamwa poti madzi sabwera paphokoso. Ife tinkakhulupirira ndithu. Lero ndikaganiza ndimaona kuti ankangofuna kupumako ku macheza athu. Pang'onopang'ono dzenje lija linkadzaza ndi madzi oyera mbee, ozizira, osefedwa ndi mchenga wa mtsinje wonse. Ndamwapo madzi a m'mabotolo m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Mzuzu, koma sanandifikepo pamtima ngati amene ndinkamwa masana a mu Novembala ndikuchokera kobusa ng'ombe, milomo itang'ambika ndi fumbi.

Chitsimecho ankachizinga ndi minga kuti ng'ombe ndi agalu asafikepo. Chikho chotungira chinali chimodzi, chopachika pamphanda, ndipo sichinkagona pansi. Mtsuko wako unkauimika patali. Wouviika m'chitsime ankabwerera kwawo wopanda madzi koma ali ndi mbiri. Mayi wochokera kosambitsa khanda lotsegula m'mimba sankagwira chikhocho asanasambe m'manja ndi phulusa. Azakhali sukulu sanaipondeko, ndipo za tizilombo tosaoneka ndi maso sanazimvepo. Ankangoti litsiro lili ndi miyendo, limayenda pamanja a anthu.

Mvula ikakata, mtsinje ukuyenda bwinobwino m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, mwambo unali wa malo. Kumtunda kwenikweni kunali kotunga madzi akumwa. Kutsika pang'ono, m'maenje a m'mbali, n'kumene amayi ankaviika chinangwa cha kondowole, ndipo fungo lake linkakulandira usanafike. Kenako posamba amayi ndi pochapira, pamene mwamuna aliyense wodutsa ankayenera kuodira ali patali n'kudikira yankho. Kumunsi kwake posamba amuna, ndipo kumapeto kwenikweni ng'ombe ndi ife abusa ake. Nsanza za makanda sizinkachapidwa mumtsinje. Ankatungira madzi padera, akatha n'kuwathira m'dzenje. Ndiye mwana akagwidwa akutaya madzi mumtsinje, liwu lija linkatulukira kuseri kwa bango: "Iwe! Kumunsi kuli anthu!"

Tsiku lina mphwanga, amene anali wamakani chibadwire, anayesa kuwatsutsa. "Azakhali, ife ndife omaliza. Kumunsi kwathu kulibe mudzi, kuli nyanja basi." Iwo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Nanga atsibweni ako khoka amaponya kuti? Usipa wadya dzulo uja unachokera kumwamba?" Mphwangayo anaweta ng'ombe tsiku lonse khutu likutentha.

Ndisakunamizeni, adzukulu anga, kuti tinali anthu aukhondo wa kumwamba. Zimbudzi m'mudzi mwathu zinali zowerengeka. Thengo ndi mchenga wa kunyanja ndi zimene zinkagwira ntchitoyo. Makanda ambiri ankapita ndi kutsegula m'mimba, akuluakulu n'kumati ndi tsempho kapena mano akumera. Pafupifupi mnyamata aliyense wa msinkhu wanga ankakodza magazi, ndipo tinkanyadira, tinkati ndiye kukula kumeneko. Tinadzamva tili akuluakulu kuti ndi likodzo: mkodzo wa wodwala umasiya mazira m'madzi, tizilombo timaswa n'kulowa munkhono, tikakhwima timatuluka n'kuboola khungu la wosambira wotsatira. Maiwe amene tinkachitamo chipako ndi amene ankatidwalitsa. Analiponso amuna ena amene ankasinja katupe n'kuthira m'dziwe kuti nsomba ziledzere ziyandame, zazikulu ndi tiana tomwe. Mafumu ankaletsa, koma usiku ulibe mfumu. Kusiyana kwake n'kwakuti woipitsa madzi tinkamudziwa dzina, tinkadziwa kwa amayi ake, ndipo ankatha kuitanidwa pabwalo n'kulipa nkhuku.

Zabwino zake zinali zambiri. Nyanja nthawi imeneyo inali yoti uli m'bwato unkaona mchenga pansi ndi timagulu ta nsomba tikuthawa mthunzi wako. Usipa tinkagula posinthana ndi chinangwa. Chaka china bambo ananditenga kukacheza kwa abale ku Mpata, m'mbali mwa North Rukuru, kumene akuluakulu ankalozabe pamene panali linga la Mlozi, wogula akapolo uja amene anagonjetsedwa mu 1895. Inali nyengo imene mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja kukwera mtsinje kukaikira mazira pamiyala ya kumtunda. Amuna anali atamanga biyo la bango ndi miono, koma pakati anasiya mpata woti zina zidutse. Ndinafunsa chifukwa chake, mkulu wina n'kundiyankha ndi funso: "Chaka chamawa sudzadya?" Usiku umenewo ndinadya mpasa wowamba ndi mbalagha, n'kutsirira chambiko, ndipo mpaka lero ndikamva dzina la mtsinje umenewo lilime limayamba kukumbuka mutu usanakumbuke.

Mtsinje wakufa ndinakauona koyamba ku Blantyre, kumene ndinapita kukagwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Mudi amachokera kuphiri la Ndirande, amadutsa pakati pa mafakitale a ku Makata, n'kulowa pansi pa milatho ya m'tawuni ulendo wa ku Likhubula ndi ku Shire. M'zaka zimene ndinakhala kumeneko ndinauona ukusintha m'maso mwanga. Lero madzi ofiira, mawa akuda, mkuja thovu. Mapaipi a suweji akaphulika, zonyansa za m'zimbudzi zinkangotsikira momwemo, fungo n'kumakupeza uli m'basi mawindo ali otseka. Komabe kumunsi kwake amayi ankachapa, ana ankasambira, ndipo alimi a madimba ankathirira mpiru ndi repu zimene zinkabwereranso kumsika wa m'tawuni momwemo. Akatswiri a ku Chancellor College ndi ku Polytechnic anayezapo madzi a Mudi n'kupezamo mtovu ndi zitsulo zina zochokera m'mafakitale. Zimenezi siziphedwa ndi kuwiritsa madzi. Zimakhazikika m'matope, zimalowa m'masamba, zimaunjikana m'thupi; mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo impso zimavutika mwakachetechete kwa zaka. Ku Lilongwe nakonso, mu Julayi 2017, anthu a ku Area 18 anatsegula mipopi ya m'nyumba zawo n'kutunga madzi osakanikirana ndi suweji, nkhani mpaka inakalowa kukhoti. Ine zoterezi ndinkaziika m'gulu la mavuto a m'tawuni, pamodzi ndi lendi ndi akuba a m'matumba.

Nditapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, fakitale inanditsatira. Mwala wa yureniyamu ku Kayelekera, makilomita oposa 50 kumadzulo kwa Karonga boma, unapezeka kale m'zaka za m'ma 1980 ndi bungwe la magetsi la ku Britain, koma unangokhala poti mtengo wake unali wotsika. Mu 2007 boma linagwirizana ndi kampani ya ku Australia ya Paladin, ndipo mu Epulo 2009 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mgodiwo. Tisabise, tinasangalala. Anyamata athu anapeza ntchito, ena anamanga nyumba za malata, eni nyumba za lendi pa boma ananenepa. Kampaniyo inamanganso malo oyeretsera madzi akumwa a tawuni ya Karonga. Magalimoto a makontena ankadutsa pano pa Lupembe moperekezedwa, ulendo wa kudoko la Walvis Bay ku Namibia kudzera ku Zambia, ana n'kumawabayibitsa.

Zimene sitinkazimvetsa ndi zotsala kumbuyo. Pa tani yathunthu ya mwala wa ku Kayelekera, yureniyamu amene amapezamo amangokwana kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kuti amuchotse amapera mwalawo n'kuusungunula ndi asidi. Ufa wogulitsa uja umapita kunja. Phala lotsala, lomwe ndi pafupifupi tani yonse ija, limathiridwa m'damu lalikulu pamgodi pomwepo. Phala limenelo limasungabe gawo lalikulu la cheza choopsa chimene chinali m'mwalamo, ndipo limakhala choncho kwa zaka masauzande. Damulo lili kumtunda. Kumunsi kwake kuli mtsinje wa Sere, Sere amathira mu North Rukuru, Rukuru amadutsa ku Mpata kuja ndinadya mpasa, n'kukathira m'nyanja pafupi ndi boma. M'nyanja momwemo ndi mmene a Northern Region Water Board amapopa madzi a m'mipopi. Akale anati madzi saiwala khwawa.

Ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu Malichi 2011 inagwetsa mtengo wa yureniyamu padziko lonse, ndipo mu 2014 Paladin inaimitsa ntchito. Apa m'pamene nkhani ya madzi inavuta. Fakitale ikamayenda, madzi a mvula ogwera pamgodi ankagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Itaima, madziwo anayamba kungodzadza m'madamu, ndipo kampani inapempha chilolezo choti iziwayeretsa n'kuwatayira mumtsinje, poopa kuti angasefukire okha osayeretsedwa. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inang'amba thanki ina pamgodipo. Kampani inanena kuti zotayika, zofika malita 500,000, zinagwera m'malo otchingidwa ndi zipupa. Mu Epulo chaka chomwecho kutaya madzi oyeretsedwa kunayamba. Kampani inati madziwo ankakwaniritsa mlingo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, wa mamaikulogalamu 30 a yureniyamu pa lita imodzi ya madzi akumwa. Mabungwe a mu Natural Resources Justice Network anatsutsa kwambiri. Katswiri wa ku France, a Bruno Chareyron a labotale ya CRIIRAD, amene anabwera kudzatunga madzi mu 2012 ndi mu 2015, ananena kuti m'kamtsinje ka Champhanji, kotsika kuchokera kumgodi, anapezamo yureniyamu wopitirira mlingo umenewo.

Tsono taganizani za mayi wa ku Mpata kapena wa kuno ku Lupembe pakati pa mawu awiri amenewa. Azakhali anga madzi ankawaweruza ndi maso, mphuno ndi lilime, ndipo nthawi zambiri ankalondola. Yureniyamu wosungunuka m'madzi alibe mtundu, alibe fungo. Madzi amatha kukhala oyera mbee ali nayemo, amathanso kukhala ofiira ndi matope alibe vuto limenelo. Sagwetsa munthu lero. Akachuluka m'madzi akumwa amadya impso pang'onopang'ono. Wodziwa zoona ndi yekhayo amene ali ndi makina oyezera, ndipo makinawo ali kumtunda kapena ku Lilongwe. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu Sepitembala 2016, lonena za migodi ya m'boma la Karonga, linagogomeza pomwepa: anthu okhala pafupi ndi migodi sankauzidwa zotsatira za kuyeza kwa madzi, ndipo zipatala za kumidzi zinalibe zida zofufuzira matenda obwera ndi migodi. Pamene palibe chiwerengero pamamera mphekesera. Nsomba zikafa n'kukokolokera kumtunda, anthu ankaloza ku Kayelekera. Chonsecho ife akale timakumbuka kuti nsomba zinkafanso mgodi kulibe, mwera ukawomba masiku otsatizana n'kuvundula madzi a pansi penipeni opanda mpweya. Koma ungamutsutse bwanji munthu wamantha uli chimanjamanja?

Chimene chimandisowetsa tulo pankhani ya nyanjayi n'chakuti ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire, kutali ku Mangochi. Madzi ake ambiri amachoka ndi dzuwa, osati ndi mtsinje, ndipo dzuwa limatenga madzi okha n'kusiya zonse zimene anabwera nazo. Akatswiri amati kuti madzi onse a m'nyanja ya Malawi asinthike kudzera mu Shire pangapite zaka mazanamazana. Mtsinje wa mchenga ukaipitsidwa chaka chino, chigumula cha chaka chamawa chimautsuka. Nyanja ilibe woitsuka.

Za malasha sindichulukitsa. Ku Mwabulambo, kumpoto kwa boma, kampani ya Eland inakumba kuyambira 2007, n'kuchoka mu 2015 itasiya maenje osakwirira ndi milu ya zotsala. Malasha ali ndi sulufule, ndipo mvula ikagwa pamilu yotere madzi ake amasanduka asidi. Alimi a kumeneko anauza ofufuza a lipoti lija kuti madzi ochokera kumgodi anawaonongera mpunga. Maenje anadzadza madzi, ana ndi ziweto n'kumafikako.

Koma ndikawerenga manda a kuno kwathu, ndiyenera kunena chimene ambiri safuna kumva pamisonkhano. Chimene chatitengera anthu ambiri m'madzi, poyera, masana dzuwa likuswa mtengo, ndi chimbudzi chathu chomwe. Kolera inafika m'Malawi muno koyamba mu 1973, ndipo madooko a m'mbali mwa nyanja yakhala ikuwakonda. Pitani pa Ngara nyengo ya usipa muone: asodzi ochokera kutali, amayi ogula nsomba, ogulitsa mandasi ndi kachasu, onse pamchenga umodzi, zimbudzi zowerengeka ndi zala. Kukumba chimbudzi mumchenga ndi ntchito yokhumudwitsa, chimagumuka mvula yoyamba, ndipo madzi apansi ali pafupi. Zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa zambiri pamodzi ndi nyumba. Rukuru akasefukira pa boma, monga anachitira mu 2011, zimbudzi zokumba zimadzadza n'kusefukira m'makwalala, zonse n'kutsetserekera kunyanja. Ndiye msodzi ali m'bwato usiku wonse ndi nyali zake, adzithandiza kuti, nanga amwa kuti? Mbali iyi ya bwato ndi mbali iyo.

Mu Novembala 2017 kolera inabuka m'boma lino, ndipo Karonga anali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri mpaka katemera wakumwa anabwera mu 2018. Kenako unadza mliri waukulu uja umene unayamba kummwera mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana ndi wa Gombe, n'kufalikira maboma onse. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo mu Disembala 2022, ndipo mu Febuluwale 2023 linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Matendawa ndi achangu moopsa. Munthu amatsegula m'mimba zamadzimadzi zotuwa ngati madzi otsukira mpunga, amasanza, maso amalowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera, ndipo wamphamvu amene mmawa amakoka chilimira akhoza kutsirizika dzuwa lisanalowe. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake si apatali: Thanzi ORS msangamsanga, dilipi kuchipatala, kolorini mumtsuko, sopo m'manja.

Mliri umenewu unanditengera mnzanga amene tinkaweta naye ng'ombe, mmodzi mwa amene tinkafukula nawo zitsime za azakhali. Sitinamusambitse. Sitinagone pasiwa, amayi sanaphike, mtembo sunalowe m'nyumba mwake. Anabwera nawo azaumoyo atavala magolovesi, atauwaza kolorini, ndipo tinaimirira patali n'kuimba nyimbo imodzi. Anachita bwino, poti maliro a kolera akayendetsedwa mwamwambo amabala maliro ena. Ndimawathokoza alangizi a zaumoyo aja, amene ena ankawatukwana ndi kuwanamizira kuti ndiwo akubweretsa matenda. Koma kwa munthu wa msinkhu wanga, kuika mnzako osamugwira ngakhale pamphumi ndi bala losapola msanga.

N'chifukwa chake ndimatekeseka ndikamva mnyamata akulalata za poizoni wa kumgodi, chonsecho kwawo kulibe chimbudzi ndipo mmawa uliwonse amalowera kubango la kunyanja. Kulalatako akulondola, asasiye. Koma iyenso ali kumtunda kwa wina. Onjezanipo matewera amakono aja otaya, amene amayi amakaponya pansi pa mlatho poopa kuti akawotcha mwana apsa matako, ndi majumbo opyapyala amene boma linaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma mpaka pano akungouluka pamsika. Mvula yoyamba ikagwa, zonsezi zimakatsikira pamchenga womwe uja tinkafukula. Ngakhale likodzo lasintha khalidwe. Kale linali la m'maiwe ndi m'madambo. Ofufuza a ku Chembe, ku Mangochi, anaona kuti linachuluka m'nyanja momwe nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Masikito amene timalandira kuti titeteze ana ku malungo, ena timakakokera tiana ta nsomba m'mphepete.

Pali zimene zakoma masiku ano, ndipo ndingakhale wosayamika nditazibisa. Mijigo ilipo, mipopi yafika m'madera ambiri a m'mbali mwa msewu, ana asukulu amalandira mapiritsi a likodzo, ndipo mdzukulu wanga sadziwa n'komwe kuti mkodzo ungakhale wofiira. Makanda amene kale tikanawaika m'manda a ana lero akukhoza mayeso a Fomu 4. Malamulo nawo tili nawo okwanira: la madzi la 2013, la zachilengedwe la 2017 limene linabala bungwe la MEPA, ndi lopatsa nzika ufulu wopeza zimene boma likudziwa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Papepala, woipitsa mtsinje ali ndi womufunsa. Kungoti lamulo limakhala mu ofesi, ndipo silibisala kuseri kwa bango.

Mgodi wa Kayelekera unagulidwa ndi kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, mu 2020, ndipo mu Ogasiti 2025 unatsegulidwanso. Anyamata a m'mudzi muno akulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo ine sindiwaletsa. Njala ya ku Lupembe ndimaidziwa, mvula ikatilambalala zaka ziwiri zotsatizana. Changa n'chimodzi. Mwezi uliwonse pakhale pepala lokhomedwa pachipatala cha Lupembe, pa Mpata, pa boma ndi pamadooko onse, lolembedwa m'Chitumbuka, m'Chinkhonde ndi m'Chichewa. Linene tsiku limene madzi anatungidwa, malo ake, kaya ndi mu Sere, mu Rukuru kapena pamene mipopi imayambira m'nyanja, chiwerengero chimene chapezeka, ndipo pambali pake mlingo wa WHO, kuti mphunzitsi wa pulayimale athe kuwerengera amayi pamjigo. Oyeza asakhale a kampani okha. Pakhalenso ena amene salandira malipiro kumgodi, ndipo potunga madziwo pazikhala munthu wotumidwa ndi mudzi. Pepala lomwelo, m'munsi mwake, linenenso zathu: mijigo ingati yapezeka ndi tizilombo ta m'chimbudzi, ndi zimbudzi zingati zimene zaimirira padooko lililonse, kuti manyazi agwire onse mofanana. Boma lili ndi magawo 15 pa 100 aliwonse mumgodi umenewu. Ndalama ya pepala ndi misomali inayi silingaisowe.